Msewu Wolambulidwa ndi Maluwa a Mayi Teleza

Olemekezeka oimira a Bwanamkubwa a boma lathu la Thyolo. Olemekezeka mafumu athu a kuno ku Chimaliro, eni nthaka imene tapondayi. Abusa a mpingo wa Seventh Day pamodzi ndi atsogoleri a mipingo ina yonse. A manejala a esiteti ya Mulekano, amene anatipatsa malo ano. Alangizi a zaulimi amene mwalawirira kuchokera ku Bvumbwe. Mayi Callista Chipendo, okongoletsa maukwati mumzinda wa Blantyre, amene ndinu oyamba kugula maluwa athu. Wapampando wa komiti yokonza mwambo uno, Bambo Blackson Mukhova. Amayi ndi abambo a Kalabu ya Maluwa ya Mulekano. Ndi inu nonse amene mwasiya madengu, makasu ndi misika yanu kuti mudzakhale nafe, landirani ulemu wanga.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Tinenenji Nampeya. Ndinabadwira m'malayini, nyumba za antchito a esiteti yomwe ino, kuseri kwa fakitale uko, ndipo lero ndine wapampando wa bungwe limene linagwirana manja ndi kalabu pomanga nyumba yosungiramo maluwa imene tabwera kudzatsegulayi. Mwandiitana kuti ndikhale mlendo wolemekezeka, ndipo mwandilandira ndi nthungululu kuyambira pamlatho mpaka pano. Ndikuthokoza. Koma ndikanakhala wabodza ndikanapanda kukuuzani poyambirira pomwe kuti ndaima pano mutu uli wolemera ndi manyazi. Chifukwa chake ndichinena, koma ndiloleni ndiyambe ndathokoza oyenera kuthokozedwa, kuti manyazi anga asawalande tsiku lawo.

Ndikuthokoza amayi ndi abambo a kalabu, amene munalimba mtima kudzala duwa loti kuno palibe amene analidzalapo. Dzina lake ndi ageratamu woyera, ndipo ambirife lilime limapindika tikamalitchula. Ndi timaluwa tating'ono taubweya, toyera ngati thonje, tomera m'magulumagulu pamwamba pa tsinde lalitali lofika m'chiuno. Okongoletsa maukwati amalifuna chifukwa limadzaza mpukutu wa maluwa wa mkwatibwi, ndipo limachititsa kuti maluwa ena aja aoneke bwino. Koma mukaona kuyera kwake musaganize kuti kulima kwake n'kwa masewera. Mbewu yake ndi fumbi lenileni, yoti ukayetsemula pafupi watha nayo. Siikwiriridwa, amangoiwaza pamwamba pa dothi losefa n'kumathirira mosamala ngati ukusambitsa khanda. Ikamera amaiwokera, ikakula pang'ono amaitsina nsonga kuti ichite nthambi, ndipo ikayamba kutalika amaichirikiza kuti mphepo isaipinde, pakuti tsinde lokhota palibe amene amagula. Zonsezi mwazichita m'chiperoni, manja ali gwa ndi kuzizira, anzanu akukusekani kuti mwayamba kuthirira udzu.

Ndipo osekawo sanali opusa kwenikweni. Duwa limeneli lili ndi m'bale wake amene tonse timamudziwa, udzu uja womera m'mizere ya tiyi, wa timaluwa totuwa, wonunkha ngati tonde ukaufikisa m'manja. Aliyense amene anagwirapo ndime ya kupalira pa esiteti amaudziwa udzu umenewo ngati mdani wake. Mawu amenewa muwasunge.

Ndikuthokozanso amisiri amene amanga nyumbayi, ndi chipinda chake chozizira choyendera mphamvu ya dzuwa. Ena anafunsa kuti maluwa akufuniranji firiji ngati ndi nsomba. Yankho lake lili m'kalabu momwemu. Ambiri mwa alimi athu ndi a Sabata, ndipo maukwati ambiri amene Mayi Callista amakongoletsa amachitika Loweruka kapena Lamulungu. Duwa limeneli ukalidula n'kulisiya pa mtetete, silichedwa kuweramitsa mutu. Tsono kalabu inati, tikhale ndi malo oti tidule Lachisanu dzuwa lisanalowe, maluwa agone m'madzi pozizira, ife tipite kukapembedza mtima uli m'malo, ogula adzatenge akadali amoyo. Nyumbayi inamangidwa kuti munthu asasankhe pakati pa Sabata lake ndi dimba lake. Maganizo amenewo sanachokere ku ofesi yanga, anachokera kwa inu.

Tsopano ndinene chimene chandilemetsa mutu.

M'mawa uno, titatsika msewu wa tala n'kulowa msewu wafumbi wobwera kuno, ndinachita chidwi ndi kuyera kwake. Udzu wonse wotchetcha mbali zonse ziwiri, miyala yopaka laimu, ngakhale tsamba limodzi pansi panalibe. Ndinamuuza dalaivala wanga kuti, taona anthu akwathu mmene amadziwira kulandira mlendo. Ndinanyadira, abale anga, ndisakubisireni. Titangodutsa mlatho, ndinaona mayi wina ali yekhayekha m'munda wa m'mbali mwa msewu, ataweramira pansi, akutola zinthu zoyera n'kumaika m'ndowa. Munda wonsewo unali mbuu, ngati wina wakhuthulamo ufa. Ndinati galimoto iime.

Anali Mayi Teleza Muhiwa, mmodzi mwa amene anayambitsa kalabu ino. Zoyera zija anali maluwa awo, munda wonse wa ageratamu, atagona pansi, otchetchedwa ndi zikwakwa. Atandizindikira anaika ndowa pansi, anapukuta manja pachitenje, anagwada. Ndiye anati, "Takulandirani, madamu. Pepani mwatipeza tisanathe kuchotsa zinyalalazi. Ndimati pofika inu pakhale poyera."

Mwamva? Munthu munda wake waphedwa, ndipo akupepesa kwa ine kuti ndaona mtembo wake.

Ndinafunsa kuti, "Mayi, wachita izi ndani?" Anati, "Aa, ndi anyamata olambula msewu. Ine ndinali kumaliro ku Thekerani, ndabwera dzulo madzulo, ndapeza zili chonchi." Ndinati, "Analambula chifukwa chiyani mpaka kulowa m'munda?" Sanandiyang'ane. Anangoti, "Akuti alendo anadandaula."

Alendowo ndi ine.

A Blackson, khalani pansi, chonde khalani pansi. Sindinabwere kudzakuimikani pamaso pa anthu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya iyi ndi yanga. Lolemba lapitali ndinakuimbirani foni kufunsa za dongosolo la lero. Titatha zofunika, ndinaponyapo nthabwala. Ndinati, "Kodi msewu wanu uja ukadali thengo? Ulendo watha udzu unandikalira galimoto." Ndinaseka, inunso munaseka, ndipo ine nditaika foni pansi ndinaiwala. Koma ndaphunzira lero kuti mawu a munthu wokhala pampando amanenepa akamatsika. A Blackson anauza komiti kuti mlendo watchula za msewu. Komiti inakapempha anyamata opalira ku esiteti, n'kuwauza a kapitawo kuti mlendo wadandaula. A kapitawo anauza anyamata awo kuti mlendo wakwiya, pasatsale chilichonse chopitirira bondo kuyambira pamsewu wa tala mpaka pa tenti. Dzulo m'mawa anyamata aja anafika pa munda wa Mayi Teleza, anaona chinthu chofanana ndi udzu umene akhala akulimbana nawo moyo wawo wonse, chitatalika mpaka m'chiuno m'mbali mwa msewu wa mlendo.

Ndamva kuti mmodzi wa iwo anaima. Anati, "Koma udzu uwu bwanji uli m'mizere? Bwanji auchirikiza ndi nsungwi?" Anzake anamuyankha kuti, "Iwe tchetcha, lamulo lachokera ku Blantyre." Ndipo anatchetcha. Anyamata amenewo asawadule tikiti ya malipiro, a manejala, ndapota nanu. Anagwira ntchito imene anapatsidwa, ndipo anaigwira bwino moti sanasiye kanthu. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti amabweretsa nzeru yothetsa vuto la pamudzi. Kanga kalumo kanafika ine ndisanafike, ndipo kanameta munda wa munthu.

Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti ine ndimayenera kudziwa bwino kuposa wina aliyense pansi pa tenti ino. Ndili mtsikana wa sitandade folo, mayi anga, malemu Marita, ankathyola tiyi, ndipo kuseri kwa nyumba yathu ya m'malayini anadzalako maungu ndi kholowa. Malipiro akachedwa, ndiwo zathu zinali zimenezo. Tsiku lina kunamveka kuti eni esiteti akubwera kuchokera kunja. Lamulo linatsika loti m'malayini muyere. Anthu anabwera ndi makasu, anazula maungu onse, ena ali ndi tiana take kale, anasesa, anapaka miyala laimu. Ife ana a sukulu anatindandalika m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, tikuimba nyimbo yolandira alendo mpaka kukhosi kuuma. Galimoto ija itafika, inadutsa mawindo ali otseka. Sinaime, ndipo m'malayinimo sinalowe n'komwe. Madzulo ake mayi anga anakhala pakhonde akuyang'ana pamene panali maungu paja, n'kunena kuti, "Alendo awa ndi odabwitsa. Adya ndiwo zathu osatsika m'galimoto."

Ndinakula ndi mawu amenewo. Ndinapita nawo ku sekondale, ndinapita nawo ku koleji, ndawanenapo m'misonkhano ikuluikulu anthu n'kundiombera m'manja. Nthawi zonse ndinkadziona ngati kamtsikana kaja koima m'mbali mwa msewu. Sindinadziwe kuti ndinasamuka kalekale, kuti tsopano ndine wa m'galimoto uja. Lero m'mawa ndayamikira miyala yopaka laimu ndi pakamwa panga pomwe. Manyazi ake ndi amenewo, abale anga, ndipo sindikudziwa kuti ndiwaike pati.

Olemekezeka nonse, manyazi anga sangadzutse duwa ngakhale limodzi, choncho tiyeni tikambe za chimene chili patsogolo pathu. Mkuja, Lamulungu, kuli ukwati ku Blantyre. Mkwatibwi anapempha maluwa oyera, ndipo Mayi Callista, amene zaka zonsezi akhala akuitanitsa maluwa otere kuchokera kunja, ulendo uno sanaitanitse. Anakhulupirira kalabu ya ku Thyolo imene sinagulitsepo duwa n'kamodzi komwe. Anauza kalabu mosapsatira kuti ukwati sudikira, ndipo oda yoyamba ikalephereka sadzakhalanso ndi mtima wobwera kachiwiri. Sindikuwaimba mlandu, nawonso ali ndi dzina loti aliteteze. Munda umene unali waukulu pa yonse, umene unakhwima pa nthawi yake, umene kalabu inkadalira kuti upereka pafupifupi theka la maluwa a ukwatiwo, ndi uja wagona pansi pamlathowu.

Mayi Teleza pamalo pamenepo ankalimapo tomato, ndipo tomato ameneyo ankakagulitsa ku Bvumbwe n'kumadyetsa ana awo. Chaka chino anamusiya kuti ayese maluwa. Achibale anawanena, ena anawauza m'maso kuti umasiye wawasokoneza mutu. Iwo anapirira, akudikira Lamulungu likubwerali kuti maluwawo awayankhire. Alangizi andiuza kuti zitsa zikathiriridwa zidzaphukanso, pakuti duwa limeneli silifa msanga, koma kuphukako n'kwa masabata angapo kutsogoloku. Mkwatibwi sangaimike ukwati kudikira zitsa. Ndipo ogula akatitaya ulendo uno, maluwa ophukawo adzaphukira yani? Nyumba yokongolayi idzasanduka mosungira makasu.

Mayi Callista, ndinafuna kukupemphani pompano kuti mutichitire chifundo ngati maluwa apelewera. Koma ndadziletsa. Ndaona kale zimene pakamwa panga pamachita. Ndikakupemphani pa chimkuzamawu, pamaso pa mafumu ndi abusa, mudzavomera chifukwa cha ulemu, ndipo ndidzakhala ndatchetchanso munda wachiwiri. Inu muweruze ndi maso anu madzulo ano, mukaona zimene zalowa m'chipindamo. Zikakwana, mutenge. Zikapanda kukwana, munene zoona, ndipo palibe amene adzakudandauleni.

Nanga zingakwane bwanji? Tayang'anani tenti ino. Yang'anani tebulo limene takhalapo ife akuluakulu, mizati iyi, ndi khomo lija ndinalowera. Paliponse pali ageratamu woyera, wautali, wowongoka, wosankhidwa bwino. Nditafunsa a Blackson kuti maluwa onsewa achokera kuti, anandiuza kuti mamembala ena anadula m'minda yawo mbandakucha, aliyense kusankha okongola kwambiri, kuti mlendo aone ntchito yawo. Ndiye kuti munda umodzi unaphedwa kuti galimoto yanga idutse bwino, ndipo minda inayo inabwereka maluwa a mkwatibwi kuti maso anga asangalale. Ndawaona, amayi. Ndi okongola kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ndikunena izi kuchokera pansi pa mtima. Koma ine sindikukwatiwa Lamulungu.

Musaseke kwambiri, nthawi yanga inapita kale.

Mwayi wake ngwakuti munawaika m'mabotolo a madzi, ndipo dzuwa silinawapeze kwenikweni. Alangizi akuti akalowa pozizira tsopano lino, apulumuka. Choncho ndikupempha, ndipo ndikubwereza kuti ndikupempha, wina asakanene kunjaku kuti mlendo walamula. Eni maluwa ndinu a kalabu. Ngati mukuona kuti n'koyenera, bwerani muchotse maluwa onsewa pamaso pathu pompano, tebulo la akuluakulu likhale lopanda kanthu. Silifa ndi manyazi, ine ndalitsogolera kale.

Ndaona Mayi Alesi, msungichuma wa kalabu, aimirira kale. Bwerani mayi, musaope mafumu, akugwedeza mitu kuvomera. Yambani ndi awa ali patsogolo pangawa.

Pamene akuchotsa, ndinene za masana ano. Maluwa otsala ali m'madimba kumunsi kumtsinje, ndipo sadulidwa dzuwa lili pamutu, amadikira kuti kunja kuzizire. Koma lero ndi Lachisanu, dzuwa la mwezi wa Juni silichedwa kulowa, ndipo likalowa, Sabata layamba. Pakati pa kuzizira kwa kunja ndi kulowa kwa dzuwa pali kanthawi kochepa, ndipo m'kanthawi kameneko maluwa ayenera kudulidwa, kupululidwa masamba a m'munsi, kuikidwa m'ndowa za madzi ndi kukwezedwa chitunda chonsechi. Manja a kalabu okha sakwanira. Pa dongosolo la lero panatsala zolankhula zingapo, ndi ulendo woti ine ndikayendere minda, anthu akundifotokozera. Ndapempha olankhula anzanga ndipo avomera kuti mawu awo adzanene tsiku lina. Chakudya tidye, pakuti ophika avutika. A tchopa muvine, ng'oma zanu tazimva zikuwambidwa kuyambira m'mawa ndipo sitingakubwezeni. Koma mthunzi ukayamba kutalika, mwambo uthe, ndipo amene ali ndi manja atsikire kumtsinje.

Amene sitidziwa kudula tisakhudze mpeni, tawononga zokwanira. Ife tikanyamule ndowa. Galimoto zimene zaima apozi, kuyambira yanga, zinabwera ndi anthu ovala bwino, ndipo zingathe kubwerera kumtsinje kukatenga madzi ndi maluwa. Mipando ikanyowa idzauma. Abale athu a mipingo ina, amene Sabata silikukukhudzani, musati izi n'za a Sabata okha. Oda iyi ikalephereka, yalepherekera mudzi wonse.

Za munda wa Mayi Teleza, za mbewu, za nyengo imene yatayikayi, ndikakhala nawo pansi iwo ndi komiti ya kalabu, kopanda chimkuzamawu ndi kopanda ojambula. Sindilonjeza kanthu pano kuti mundiombere m'manja. Madzi akatayika saoleka, ndipo chilichonse chimene ndingachite sichibweza madzulo amene mayi aja anaima pamunda wawo n'kuona thukuta lawo lili pansi. Chokhacho chimene ndingapemphe mafumu, a esiteti ndi makomiti onse a dera lino ndi ichi: ine ndikadzabweranso, kapena wina aliyense wonga ine, msewu muusiye mmene ulili. Ngati uli ndi udzu, mlendo aone udzu. Ngati uli ndi maenje, galimoto yake igwemo, mwina n'kukakumbuka kuti kuno kumafunika msewu. Musadzazulenso chakudya cha munthu chifukwa cha maso a wodutsa.

Tsopano tafika pa ntchito imene munandiitanira. Andipatsa sizasi kuti ndidule riboni ili pakhomo la nyumbayi. Pepani a komiti, sizasiyi ndiibweza. Zodula m'dzina langa zakwana sabata ino. A Blackson, inu ndi ine tigwirizane, mumasule mfundo ya mbali iyo, ine ndimasule ya mbali ino, chitseko chitseguke.

Ndipo taonani kumsewu uko. Amene akukwera chitunda atasenza ndowa pamutuwo ndi Mayi Teleza. M'mawa muja anandiuza kuti ena mwa maluwa otchetchedwawo anagwera pa anzawo, pamthunzi, ndipo mame a usiku anawasunga, tsono amati asankhe amene tsinde lake latsala lalitali. Ndinawapempha kuti akwere galimoto tibwerere limodzi, anakana, anati ntchito sinathe. Zimene apulumutsa ndi zimene zili m'ndowa imodziyo, pa munda wonse uja.

Chonde musaimbe nthungululu, musawaunjirire. Apatseni njira. Ana inu, sunthani mabenchiwo.

Olemekezeka oimira a Bwanamkubwa, mafumu, abusa, amayi ndi abambo, ndi ulemu umene mwandipatsa, umene lero sindikuuyenera, ndikulengeza kuti nyumba yosungiramo maluwa ya Kalabu ya Mulekano yatsegulidwa tsopano.

Mayi Teleza, ndowayo ikulemera, ndipo dzuwa likuwotcha maluwa. Musaime kuti mundipatse moni. Pitirirani, lowani.

Zikomo kwambiri.